Mayina a Anthu Amene Adasanduka Mawu a Chingerezi

Aliyense amene adakhalako pa benchi ya sukulu m'dziko muno akukumbukira phunziro lija la Chingerezi limene mphunzitsi ankadzaza bolodi ndi mawu, liwu limodzi kuimira chiganizo chathunthu. Munthu woumira ndi ndalama zake ndiye miser, wodya mosusuka ndiye glutton, wokonda miseche ndiye gossip. Ana ankaloweza mawu amenewa usiku pa kuwala kwa koloboyi, nakawalemba pa mayeso, ndipo mayeso atatha ambiri ankawaiwala. Chimene nthawi ya m'kalasi sinkalola mphunzitsi kufotokoza nchakuti ena mwa mawu otere sadayambe ngati mawu wamba. Adali mayina a anthu enieni, amene adabadwa, nagwira ntchito zawo, nakangana ndi anzawo, ndipo ena mwa iwo adalowa m'manda osadziwa kuti mayina awo adzatsala pakamwa pa alendo.

Chichewa nachonso chili ndi mawu ofotokoza munthu ndi khalidwe lake, koma kawirikawiri chimawaumba kuchokera ku khalidwe lenilenilo. Mthirakuwiri ndi munthu wothira uku ndi uku. Nkhutukumve ndi uja makutu ali nawo koma malangizo salowamo. Mpondamatiki ndi wolemera mpaka kuyenda pa ndalama. Womva liwu lotere amaona yekha mlandu wake m'kati mwa liwulo, ndipo angathe kuvomera kapena kukana. Dzina la munthu limene Achewa adalibwereka kuti likhale chitonzo, lodziwika kwa onse, ndi la Yudasi. Chingerezi chili ndi mayina otere ochuluka, ndipo vuto lake nlakuti dzina palokha silifotokoza kanthu. Amene adalipachika pa khalidwelo nthawi zambiri adali mdani wa mwini dzina, kotero kuti wophunzira liwulo lero amalandira chigamulo cha mlandu umene sadaumve, woimbidwa mlanduyo palibe pabwalo.

Awiri mwa anthu amenewa nkhani zawo nzazifupi. Martinet ndi liwu lonena munthu woumirira mwambo mopyola muyeso, kapitawo kapena mphunzitsi wamkulu wosalekerera ngakhale kolakwa kakang'ono. Jean Martinet adali woyang'anira asilikali oyenda pansi ku France pa nthawi ya Mfumu Louis XIV. Masiku amenewo anthu olemera ankagula maudindo a usilikali ndi ndalama, ndipo gulu lililonse linkachita zake. Martinet adaumiriza perete ndi kuguba kofanana, mpaka asilikali a ku France adakhala oopedwa mu Ulaya. Adafa m'chaka cha 1672 pa nkhondo ya ku Duisburg, ataombedwa ndi mzinga wa mbali yake yomwe. Amene adasandutsa dzina lake kukhala liwu lodandaulira ndi Angerezi, amene mtundu wawo udakangana ndi France kwa zaka mazana ambiri.

Samuel Maverick adachita mwayi woposa pamenepo. Adali loya ndi mwini malo ku Texas, ndipo adakhalako meya wa mzinda wa San Antonio. M'chaka cha 1845 adalandira ng'ombe pafupifupi 400 kuchokera kwa munthu amene adali naye ngongole. Iye za ng'ombe sadali nazo chidwi. Adazisiya m'manja mwa akapolo ake, ndipo ana ake a ng'ombezo ankangoyendayenda osadindidwa chizindikiro cha chitsulo chamoto monga ankachitira alimi ena. Anansi akaona ng'ombe yopanda chizindikiro ankati ndi ya Maverick. Adagulitsa ziwetozo mu 1856, namwalira mu 1870, koma liwulo lidapitirira ulendo. Lero maverick ndi munthu woima payekha, wosatsata gulu kapena chipani, ndipo andale ena a ku America amanyadira akatchulidwa choncho. Ulemu wonsewo udachokera ku kusasamala ziweto.

Nkhani yowawa ndi ya liwu loti dunce, limene limanena mbuli, mwana wosamva za m'kalasi. M'sukulu za ku England za m'zaka za m'ma 1800, mwana wolephera ankamuveka chipewa chosongoka cha pepala namuimika pangodya kuti anzake amuseke. Chipewacho ankachitcha cha dunce, ndipo Charles Dickens adachitchula m'buku lake la The Old Curiosity Shop. Koma munthu amene dzina lake lili m'liwu limeneli adali mmodzi mwa anthu anzeru zakuya kopambana amene Ulaya adakhalapo nawo.

John Duns Scotus adabadwa cha m'ma 1266 ku Duns, mudzi wa ku Scotland kufupi ndi malire a England. Adalowa chipani cha Afransisko, nadzozedwa unsembe mu 1291 ku Northampton. Adaphunzira ndi kuphunzitsa ku Oxford ndi ku Paris, amene adali malikulu a maphunziro pa nthawiyo. Sadali munthu wa mabuku okha. M'chaka cha 1303, pamene Mfumu Philip IV ya ku France idakangana ndi Papa Boniface VIII, aphunzitsi a ku Paris adafunsidwa kuti asankhe mbali. Scotus adakana kutsata mfumu, ndipo adapirikitsidwa m'dzikomo. Adabwerera chaka chotsatira, kenaka adatumizidwa ku Cologne, kumene adamwalira pa 8 November 1308 ali ndi zaka zongopitirira pang'ono 40. Chifukwa cha luso lake losiyanitsa mfundo zofanana ngati mapasa, adapatsidwa dzina la Chilatini loti Doctor Subtilis, ndiye kuti mphunzitsi wa nzeru zolowa pakang'ono.

Mwa mafunso amene adalimbana nawo, limodzi ndi loyenera kulifotokoza pano. Anthu onse ali ndi umunthu umodzi. Nanga nchiyani chimachititsa kuti munthu uyu akhale iyeyu, osati mnzake? Aphunzitsi ena ankati kusiyanako kuli m'thupi chabe, monga njerwa ziwiri zoumbidwa m'chikombole chimodzi zimasiyana dothi lokha. Scotus adakana. Adati m'cholengedwa chilichonse muli kanthu kake kake, kosagawika ndi kosabwerezeka, kamene kamachichititsa kukhala chimenechi basi. Munthu amene adaphunzitsa kuti aliyense ndi wapayekha ndiye amene dzina lake lidadzasanduka chikwangwani chomata pa mwana aliyense wochedwa kumva.

Zidatheka bwanji? Kwa zaka 200 iye atamwalira, mabuku ake adali chakudya cha tsiku ndi tsiku m'mayunivesite. Koma pofika zaka za m'ma 1500 mphepo idatembenuka. Makina osindikizira mabuku adali atafala, ndipo kudabuka ophunzira atsopano amene ankafuna kuwerenga Baibulo m'Chigriki ndi m'Chihebri, osati kudzera m'ndemanga za akale. Otsatira a Scotus, amene ankatchedwa Dunsmen kapena Dunses, adali ndi mipando m'mayunivesite, ndipo ambiri mwa iwo adatsutsa maphunziro atsopanowo. Nzoona kuti ena adali atasandutsa nzeru za mphunzitsi wawo kukhala makani opanda phindu, monga zimachitikira pamene ophunzira aloweza mayankho naiwala mafunso. William Tyndale, amene adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chingerezi, adawanyoza koopsa cha m'ma 1530, nawayerekeza ndi agalu okalamba ouwa chilichonse chachilendo. Tyndale sadali munthu wolankhula zopanda pake, pakuti ntchito yake yomasulirayo idamutayitsa moyo mu 1536. Mkanganowo udali wa moyo ndi imfa mbali zonse ziwiri, ndipo pa mkangano wotere anthu sasankha mawu mofatsa.

M'chaka cha 1535 Mfumu Henry VIII, itapatukana ndi Roma, idatuma nthumwi ku Oxford kukachotsa maphunziro akale. Mmodzi mwa nthumwizo, Richard Layton, adalembera nduna ya mfumu Thomas Cromwell kalata yonyadira. Adasimba kuti adapeza bwalo la New College litadzaza ndi masamba ong'ambidwa a mabuku a Scotus, mphepo ikuwauluza ngodya zonse, ndi kuti bambo wina ankatola masambawo kuti akapangire zoopsezera nyama m'nkhalango yake yosakiramo. Liwu la Duns lidayamba kutanthauza wokonda makani a tsitsi limodzi, kenaka wokana kuphunzira zatsopano, ndipo potsiriza wosatha kuphunzira konse. Pofika 1728, pamene Alexander Pope adatulutsa ndakatulo yake yonyoza olemba anzake yotchedwa The Dunciad, owerenga ambiri sankakumbukiranso kuti m'liwumo muli munthu.

Mpingo wa Katolika sudamuiwale. Chiphunzitso chimene iye adachiteteza anzake ambiri akuchikayika, chakuti Maria adali wopanda tchimo lachibadwa kuyambira pamene mayi ake adatenga pathupi pake, chidakhazikitsidwa ndi Papa Pius IX mu 1854, ndipo mu 1993 Papa John Paul II adamulengeza kukhala Wodala. Manda ake ali m'tchalitchi cha Afransisko ku Cologne. Koma dikishonale sidasinthe tanthauzo la dunce, ndipo palibe chizindikiro chakuti idzasintha.

Liwu lina limene limamveka kawirikawiri masiku ano ndi Luddite. Munthu akakana kompyuta, akamaopa foni yamakono, kapena akadandaula kuti makina alanda anthu ntchito, anzake amamutcha Luddite, kutanthauza wotsalira, wodana ndi chitukuko. Pano mwini dzina ndi wovuta kumupeza. Nthano imati mnyamata wina wophunzira ntchito, Ned Ludd, adaphwanya makina oluka masokosi kufupi ndi Leicester mu 1779, koma olemba mbiri sadapeze umboni wakuti munthu ameneyu adakhalapo. Amene adalipo ndi amisiri a nsalu amene adatenga dzinalo ngati chigoba chobisalamo.

Zidayamba m'mwezi wa March 1811 ku Arnold, kufupi ndi Nottingham. England idali pa nkhondo ndi Napoleon, malonda a nsalu kunja adali atatsekeka, ndipo mtengo wa buledi udali utakwera kwambiri. Oluka masokosi sadali alendo ku makina. Makina olukirawo adali atakhalapo zaka zoposa 200, ndipo iwo ndiwo ankawagwiritsa ntchito, ambiri m'nyumba zawo, akulipira lendi kwa eni ake. Dandaulo lawo lidali lakuti eni makina ena adayamba kulemba anthu osaphunzira ntchitoyo pa malipiro otsika, kuti aziluka nsalu yaikulu ndi kuidula kukhala masokosi osalimba, amene ankatsitsa mtengo ndi kuipitsa mbiri ya ntchito yonse. Kupanga bungwe la antchito kudali koletsedwa ndi lamulo, ndipo ambiri mwa anthu otere sankavota. Tsono ankatumiza makalata osainidwa ndi General Ludd, ndipo mwini makina akapanda kumva, ankabwera usiku ndi nyundo. Ku Nottingham ankasankha: makina a bwana wolipira bwino kawirikawiri ankawasiya, ngakhale ali m'chipinda chimodzi ndi amene aphwanyidwa.

Moto udafalikira ku Yorkshire ndi ku Lancashire. Ku Yorkshire adali amisiri osalaza nsalu za ubweya wa nkhosa ndi masizasi aakulu olemera, ntchito yophunzira zaka zambiri, imene makina atsopano ankaimaliza ndi anthu ochepa. Kumeneko zinthu zidafika pokhetsa magazi. Mu April 1812 khamu lidaukira fakitale ya Rawfolds, ndipo awiri mwa oukirawo adafa ndi zipolopolo. M'mwezi womwewo mwini fakitale wina, William Horsfall, adaphedwa panjira. Imfa imeneyi siyenera kubisidwa ndi amene amamvera chisoni amisiriwo. Boma lidatumiza asilikali pafupifupi 12,000 m'zigawo zimenezi, ndipo Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa chilango cha imfa kwa wophwanya makina. Mlakatuli Lord Byron, polankhula koyamba m'nyumba ya House of Lords mu February 1812, adatsutsa lamulolo, nanena kuti anthuwo adawakankha ndi njala, koma lamulolo lidadutsa. Mu January 1813 amuna 17 adanyongedwa ku York, ndipo ena adatumizidwa ku Australia ngati akaidi.

Makina adapambana, ndipo palibe angakane kuti nsalu zidatsika mtengo mpaka osauka nawonso adavala. Koma amisiriwo sadalakwe pa zimene ankaopa, chifukwa ntchito zawo zidathadi, ndipo ana a anthu ambiri otere adalowa m'mafakitale kukagwira ntchito maola ochuluka pa malipiro ochepa. Funso lawo lidali lakuti phindu la makina lipite kwa yani, ndipo amene ataya ntchito adye chiyani. Limeneli ndi funso la munthu woganiza. Liwu la Luddite, monga limagwiritsidwira ntchito lero, limachotsa funsolo nkusiya chithunzi cha munthu wopusa wogwira nyundo. Bwana amene atcha antchito ake dzina limeneli amakhala atapewa kuwayankha.

Komabe sikuti mayina onse otere adaperekedwa mopanda chilungamo. Liwu loti quisling limanena munthu wopereka dziko lake kwa adani nkumalamulira m'malo mwawo, ndipo mwini dzinali adalikolola yekha.

Vidkun Quisling adabadwa ku Norway mu 1887, mwana wa mbusa. Adali msilikali wanzeru, ndipo m'zaka za m'ma 1920 adathandiza Fridtjof Nansen pa ntchito yopereka chakudya kwa anthu ovutika ndi njala ku Ukraine. Akadafa nthawi imeneyo bwenzi akukumbukiridwa ndi ulemu. Adakhala nduna ya chitetezo kuyambira 1931 mpaka 1933, kenaka adayambitsa chipani cha Nasjonal Samling chotsanzira maganizo a Hitler. Anthu a ku Norway adachikana, ndipo sichidapeze mpando ngakhale umodzi m'Nyumba ya Malamulo.

Pa 9 April 1940 Ajeremani adalowa m'dziko la Norway. Mfumu Haakon VII ndi nduna zake adachoka mumzinda wa Oslo kuti asagwidwe. Madzulo a tsiku lomwelo Quisling adalowa m'nyumba ya wailesi ya dzikolo, naima pa maikolofoni, nalengeza kuti iye ndiye mtsogoleri wa boma ndi kuti asilikali aleke kumenya nkhondo. Omvera wailesi angathe kuganizira mmene zidalili m'makomo usiku umenewo: banja lasonkhana kuti limve ngati dziko likadalipo, ndipo mawu otuluka m'bokosilo ndi a munthu amene adamukana pa chisankho. Mfumu idakana kumuvomereza, ndipo idauza nduna zake kuti ili yokonzeka kutula pansi ufumu kusiyana ndi kumuika pampando. Boma lake loyambalo silidathe sabata, pakuti Ajeremani omwe adaona kuti alibe anthu. M'mwezi womwewo nyuzipepala ya The Times ya ku London idagwiritsa ntchito dzina lake ngati liwu lonena opereka maiko awo kulikonse, ndipo Winston Churchill adalitchula m'zolankhula zake mu 1941. Liwu la dunce lidatenga zaka zoposa 200 kuti libadwe, pamene ili lidatenga masiku owerengeka, chifukwa cha nyuzipepala ndi wailesi.

Mu February 1942 Ajeremani adamubwezera pampando. Chimodzi mwa zoyamba zimene adachita chidali kulamula aphunzitsi onse kulowa bungwe latsopano la chipani chake, kuti aziphunzitsa ana maganizo a Anazi. Aphunzitsi zikwizikwi adalemba makalata okana, aliyense kusaina dzina lake. Pafupifupi 1,100 adamangidwa, ndipo pafupifupi 500 mwa iwo adatumizidwa ku Kirkenes, kumpoto kozizira koopsa, kukagwira ntchito ya kalavula gaga. Sadagonje, ndipo cholinga cha Quisling pa sukulu chidalephera. Koma china sichidalephere. Pansi pa ulamuliro wake Ayuda oposa 700 adatengedwa m'dzikomo kupita ku misasa ya Ajeremani, makamaka ku Auschwitz, ndipo obwerako amoyo adali ochepa kwambiri.

Nkhondo itatha mu May 1945 adadzipereka kwa apolisi. Mwa eni mayina onse a m'nkhani ino, ndi iye yekha amene adamva dzina lake likusanduka chitonzo akali moyo, ndiponso ndi iye yekha amene adapatsidwa bwalo kuti adziyankhire. Adalankhula nthawi yaitali, naumirira kuti zonse adachitira ubwino wa Norway. Oweruza adamva mboni, naona makalata, nampeza wolakwa pa mlandu woukira dziko ndi milandu ina. Adaombedwa ndi mfuti pa 24 October 1945 ku linga la Akershus mumzinda wa Oslo. Nyumba yaikulu imene ankakhalamo pa nthawi ya ulamuliro wake, yotchedwa Villa Grande, lero ndi malo ofufuzirako ndi kuphunzitsirako mbiri ya kuphedwa kwa Ayuda, ndipo ana a sukulu amapitako ndi aphunzitsi awo.